Diso la Ababa ndi Zingwe za Faiba

Tanta, 14 Epulo

Okondedwa achimwene anga a Medhat,

Mtendere ukhale nanu kumeneko ku Kuwait. Muli bwanji, inu ndi alamu anga a Rehab, ndi ana, Yassin ndi mlongo wake Malak? Kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Amayi miyendo ija yaleka kutupa, ndipo ayambiranso kukangana ndi wogulitsa tomato, ndiye dziwani kuti achira.

Mukudabwa kuti Shaimaa waulesi uja walemba kalata foni ilipo. Pafoni ababa amakhala pambali panga, makutu ali tcheru. Izi n'za inu nokha.

Ntchito ikuyenda. Ino ndi nyengo ya mphepo ya fumbi, ndipo mukudziwa mmene zingwe zathu za faiba, zotumiza zithunzi za makamera ku sikirini, zimadanirana ndi fumbi. Kachitsotso kamodzi kakakhala pansonga pa chingwe, chithunzi chimazima pa sikirini anthu akuonera. Lamulo la ababa silinasinthe: yang'ana m'kagalasi kounikira, pukuta, yang'ananso, vindikira. Osakhudza ndi chala, osauzira ndi pakamwa. Inu munamenyedwapo khofi chifukwa chopukuta ndi malaya, musakane.

Tsono achimwene, ndakubisirani nkhani kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ababa sakuonanso bwino. Diso lamanzere lija mukulidziwa, analiwononga kalekale posuzumira m'chingwe choyaka kuti aone ngati kuwala kukufika, pamene kuwala kwake sikuoneka koma kumawotcha. Tsopano lakumanja nalo lachita ng'ala. Amayang'ana m'kagalasi n'kunena kuti chingwe chayera, koma ine ndikayang'ana ndimapeza fumbi lili mbwee.

Ndiye ndinayamba kubwereza ntchito yawo mobisa. Akamaliza kuyesa zingwe amapita kukamwa tiyi. Ine ndimavundukula chimodzichimodzi, kupukuta, kuyesa ndi katochi kofiira koonera ngati kuwala kukudutsa, n'kubwezera mmene anasiyira.

Lachinayi tinali pa mwambo wa omaliza maphunziro. Makolo ambiri anasowa malo m'holo, anakhala panja kuti aonere ana awo pa sikirini yaikulu. Masana, mphepo ili kuwomba, ababa anati zonse zili bwino, n'kunyamuka kupita ku tiyi wawo. Ndinagwada kuseri kwa galimoto yathu ya zipangizo ndi chingwe chachikulu cha makamera. Nsonga yake inali yakuda zedi. Ndili mkati mopukuta, ndinangoona nsapato za ababa pafupi ndi bondo langa.

Ndinafuna kunama. Koma iwo anaseka pang'ono.

"Mwana wanga, ukuyesa tiyi ndimamukonda chonchi? Makapu anayi ntchito isanayambe, mpaka m'mimba kuwawa. Ndimachoka dala kuti upeze mpata."

Ndinalira pomwepo, achimwene, chingwe chili m'manja. Iwo anangoti ndivindikire kaye nsongayo misozi isanagwerepo. Mwambo unayenda bwino, palibe kholo lomwe linaphonya mwana wake.

Pobwerera anandiululira kuti anapita okha kwa dokotala mu Febuluwale. Dokotala anati disolo lingachire ndi opaleshoni, bola asachedwe. Koma ababa akuopa. Akuti ndi lokhalo latsala, ndipo dzanja la dokotala likangoterereka adzakhala mumdima mpaka imfa, ndiye kuli bwino azingoona mwachimbuuzi. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni, poti mungasiye ntchito n'kuthamangira kuno.

Ndaphwanya lumbiro, Mulungu andikhululukire. Chonde bwerani, ngakhale sabata imodzi yokha. Ine amandimvera pa zingwe pokha, koma pa za thupi lawo ndikadali kamwana. Inu mukawagwira dzanja n'kulowa nawo m'chipatala, sangakane. Za ntchito musade nazo nkhawa, ndikuitha, mwinanso kuposa inu.

Musati ndikukokomeza. Dzulo munatumiza chithunzi pafoni. Ababa anachiyandikizitsa kumaso nthawi yaitali, kenako ananena monyada kuti Yassin wakula, wayamba kufanana ndi agogo ake. Achimwene, chinali chithunzi cha Malak. Amayi anadzuka n'kulowa m'khitchini. Ine ndinavomereza kuti eya, wakuladi.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo anawo muwapsompsone pamphumi m'malo mwanga. Amayi akuti muzidya, pachithunzi chaposachedwa munaoneka owonda. Mulungu akusungeni, akutsegulireni njira, akufikitseni kuno ababa akadatha kuzindikira nkhope yanu.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Shaimaa