Nkhope ya Adadi pa Foni za Anthu

Lolemba, 3 Marichi

Ntchito ya apo ndi apo. Zithunzi za pasipoti zinayi, khanda limodzi lolira ngati ndalitsina. Babu la mu situdiyo lapsanso. Kunyumba chimwemwe chokhachokha: Adadi awasankhanso kukayang'anira malo ovotera, pasukulu pomwe ankaphunzitsa. Kachisanu tsopano. Shati yoyera yachapidwa kale, chonsecho chisankho chili pa 20. Akuti woyang'anira sakhala ndi mbali, ngakhale mkazi wake sayenera kudziwa pomwe amachonga. Amayi akuti n'zoona, zaka makumi atatu m'banja sanawatsinepo khutu.

Lachitatu, 5 Marichi

Azakhali atulukira ku situdiyo, thukuta kamukamu, foni m'manja. Akuti taona achimwene anga. Kuyang'ana, Adadi enieni! Shati yamizeremizere, kumwetulira mpaka mano a m'mbali. Pansi pake mawu akuluakulu: Aphunzitsi opuma ali pambuyo pa Wachipewa. Wachipewa yemweyu amene akulimbirana mpando waukulu ndi Wandevu.

Chithunzi ndachidziwa pompo. Ndinajambula ndine, chaka chatha, pakhonde. Ndinachigulitsa pamodzi ndi zina, za msika, za mbuzi, ku kampani ya pa intaneti yogula zithunzi. Zomwe ndinapezapo ndinagulira nsapato, zinatha kalekale. Kwa Azakhali ndangoti ii, zamakono izi. Bodza, m'maso muli gwa.

Loweruka, 8 Marichi

Wometa wa chitseko choyandikana wandiitana akuseka chikhakhali. Pa foni yake, Adadi omwewo, shati yomweyo, mano omwewo. Koma mawu akuti Aphunzitsi opuma atopa, akufuna Wandevu. Munthu mmodzi, zipani ziwiri! Tawerenga timalemba ta pansi. Olipira malonda onse awiri ndi makampani a kutsidya kwa nyanja, mayina oluma lilime. Wometa akuti akunjawo amangothira ndalama pa masamba a mchezo, foni n'kumasankha yokha woti aone chiti. Azakhali za Wachipewa, iye za Wandevu.

Eni nkhope sakudziwa kanthu, kafoni kawo n'kamabatani. Angodabwa kuti wogulitsa nyama wawaonjezera kachidutswa, woyendetsa minibasi wawaimbira hutala katatu. Akuti ndakalamba bwino, anthu ayamba kundikonda. Amayi akuti musanyade.

Ndalembera kampani yogula zithunzi ija kuti ichotse chithunzicho. Yankho labwera ndisanaphethire n'komwe, la makina: mwini nkhope anasaina kuvomereza. N'zoona. Adadi, amene amawerenga ngakhale kapepala ka m'bokosi la mankhwala a chifuwa, tsiku lija anasaina opanda magalasi. Anati za mwana wanga sindiwerenga. Zikundiwawa.

Lachiwiri, 11 Marichi

Zafika pena. Azakhali akuti amayi onse a kwaya yawo agwirizana, poti Aphunzitsi anena, voti ndi ya Wachipewa. Kometera nakonso achinyamata akuti mdala uja sanama, Wandevu basi. Zaka zonse zophunzitsa ana a eni, ulemu wonse uja, akunja augula pamtengo wa nsapato.

Lero ndinatsimikiza kuulula. Ndinayeserera mawu ndikutsuka mbale, ndinayambira patali, pa nkhani ya mbuzi. Masana Adadi alowa mu situdiyo atapesa bwinobwino, akufuna chithunzi cha pa baji ya oyang'anira. Akuti undikongoletse ngati paja. Ndajambula, pakamwa pali tseke. Mantha, ndine wamantha, palibe dzina lina.

Lachisanu, 14 Marichi

Adadi aitanidwa ku ofesi ya chisankho. Zipani zonse ziwiri zadandaula, koyamba kumva chimodzi chibadwire. Ndawaperekeza, foni ya Azakhali m'thumba ili, ya Wometa m'thumba linalo. Ndaziika pa tebulo moyandikana. Adadi avala magalasi, kuyang'ana uku, kuyang'ana uko, nthawi yaitali. Ndiye ndaulula zonse, pamaso pa mkulu wa ofesi.

Mkuluyo waseka mpaka kupukuta misozi, kenako wasiya. Akuti akumvetsa, palibe mlandu, koma anthu aona kale, ndipo amene adzagonje adzaloza nkhope imeneyi. Baji yatsala mu dirowa yake, chithunzi chokongola ndinawajambula chija chili pamenepo.

Pobwerera, Adadi patsogolo, ine pambuyo. Bola akanandikalipira. Pafupi ndi geti andifunsa chimodzi chokha: "Nanga mbuzi zija, zikuvotera ndani?" Ndaseka, kenako ndalira ngati khanda la Lolemba lija.

Lachinayi, 20 Marichi

Adadi shati yoyera avalabe, yosita mpaka kolala kuima. Pamzere ngati wina aliyense, ine kumbuyo kwawo, kamera pakhosi mwachizolowezi. Aliyense kuwanong'oneza, Aphunzitsi, kwenikweni ndi uti? Iwo akuti funsani foni zanu, zikundidziwa kuposa mkazi wanga. Anthu kuseka. Ena ndithu anatulutsa foni.

M'kalasimo, pa mpando wawo pali mphunzitsi wina, mapepala ali mbwee pa tebulo. Ndinaona dzanja la Adadi likunyamuka kuti liwasanje, n'kubwerera m'thumba.

Potuluka, chala chili bii ndi inki. Chisankho chilichonse ndimawajambula pageti la sukulu, chala m'mwamba, baji pachifuwa. Manja anga ananyamula kamera okha, mutu usanaganize. Anandiyang'ana, osakwiya, osamwetulira. Kenako anatambasula dzanja kutali ndi nkhope.

"Jambula chala chokha, mwana wanga."

Ndajambula chala.