Thovu la Loveness

Lolemba, 12 Julaye 1999
Manachesi sanayende lero, mabasi angodutsa pa Zalewa ngati tinawalakwira. Masana ndinakabisala mphepo mu golosale ya a Ezekiele. Agula TV ya batire ndi kaseti ya sewero la m'chipatala cha azungu. Makoma oyera mbee, mabedi oyenda ndi matayala. Ndinaiwala ndi dengu lomwe panja.

Lachitatu, 14 Julaye
Ndinapitanso. Lero m'seweromo anabweretsa kamtsikana kakuphupha, thovu kukamwa. Ndendende Loveness wanga. Ndimadikira kuti onse athawe, koma ayi. Dokotala wamkazi anagwada, n'kukagoneka chammbali, n'kukapukuta kukamwa ndi dzanja lake.

Chizungu chawo n'chothamanga. A Ezekiele ndiwo anamasulira: "Akuti khunyu. Za muubongo basi, sizipatsirana." Mayi wina kumbuyo: "Za pakanema izo, musatinamize."

Lachinayi, 15 Julaye
Zaka zinayi mwanayu akugwa, ine mayi wake sindinamukhudzepo ali pansi. Apongozi anandiuza kuti thovulo likakukhudza watenga, ndiye ana enawa adzalera ndani? Ndimangosuntha mbaula, n'kukaima pakhomo mpaka aleke. Akamadzuka amakhala yekha. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi.

Loweruka, 17 Julaye
Tsiku lonse mtima uli kuchipatala kuja. Ndavala zoyera, nsapato zosalira, ndikukankha bedi la matayala pa mlatho wa Shire, Loveness wakhala pamwamba akuseka. Kasitomala wina anachita kundigwedeza: "Mayi, kodi mukugulitsa kapena mukupemphera?"

Lamulungu, 18 Julaye
Ndinawafotokozera bambo ake a Loveness. Akuti, "Iwe ndi makanema ako. Dokotalayo si wongosewera, eti?" Zoona. Mwinanso thovulo linali la sopo. Ndikuopa, sindikana.

Lachiwiri, 20 Julaye
Loveness wagwa m'mawa pakhonde akusenda chinangwa. Ndinachotsa mpeni, miyendo yanga n'kuyamba kubwerera m'mbuyo yokha monga mwa masiku onse. Sindikudziwa chinachitika n'chiyani, ndinangopezeka ndagwada. Ndinamugoneka chammbali, mutu pamiyendo panga, n'kumupukuta. Thovulo n'lofunda basi, ngati dovu la khanda.

Atatsegula maso anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka dzanja langa, kenaka ine.

"Amayi, nanunso mwagwa?"