Abambo akonda gulu la pa foni kuposa mapiritsi awo

Aphungu,

Ndine mtsikana wosazolowera kulankhula pagulu, ndipo ngakhale kalatayi ndikulemba ndi manyazi. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, choncho mundikhululukire pomwe ndalakwitsa.

Ndimakhala ndi abambo anga, awiriwiri, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa galaja. Amayi anatisiya kale. Abambo anali dalaivala wa malole mpaka tsiku lomwe anagwa pantchito, ndipo kuchipatala anawapeza ndi matenda othamanga magazi. Anawapatsa mapiritsi oti azimwa m'mawa uliwonse. Achimwene anga, omwe amagwira ntchito kutali, ananditumizira foni n'kundilowetsa m'magulu awiri a pa intaneti a anthu osamalira odwala, ati kuti ndisamasowe wofunsa.

Gulu loyamba ndi lansangala. Anthu salemba, amangojambula mawu n'kutumiza, ndipo ine zimenezi zimandipepukira. Amaseka, amasereulana, wina akagoneka m'bale wake kuchipatala onse amamulimbitsa mtima. Muli mayi wina amene tonse timawatchula kuti Anti Nkhuku, chifukwa akamalankhula nkhuku zawo zimamveka kumbuyo. Iwowa ndi amene anaona kuti ine sindinenapo kanthu. Anati, "Kodi mwana wachete uja alipo? Tangotsokomola, mwanawe, tidziwe kuti uli moyo." Ndinaseka ndekha mpaka misozi. Chimwalirireni amayi, palibe amene anandifunafunapo chotero.

Gulu lachiwiri ndi louma. Amaliyang'anira anamwino awiri. Salola mawu ojambula, salola ngakhale zithunzi za maluwa zoperekera moni. Ukalemba zomwe wamva amakufunsa kuti, "Mwazitenga kuti?" Yankho limachedwa, nthawi zina mpaka mawa lake. Tsiku lina bambo wina anafunsa za mankhwala a akazi awo, ndipo anangowayankha kuti, "Izi sitinganene pa foni, pitani nawo kuchipatala lero." Ndinachita mantha. Sindinalembemo chilichonse, kuopa kuti aona kalembedwe kanga.

Ine ndimachapa ndi kusita zovala za anthu. Ndikamasita ndimaika foni pawindo, mawu a gulu loyamba lija ali mkati molira, ndipo abambo amamvetsera ali pampando wawo pakhomo. Pano azolowera. Akangodzuka amati, "Amayi anga, tatsegulani wailesi yathu ija, timve ngati nkhuku zagona bwino." Amanditchula amayi akafuna kundinyengerera. Anali atasiya kuseka, koma pano amaseka mpaka kutsamwa.

Masiku apitawa Anti Nkhuku ananena kuti amuna awo, omwenso ali ndi matenda othamanga magazi, anasiya mapiritsi mutu utaleka kuwawa. Ati mankhwalawa ukamwa nthawi yaitali amawononga impso, ndiye pano akumwa madzi a masamba amene munthu wina wa m'gulu lomwelo amagulitsa. Ambiri anavomereza. Abambo anamva zonse. Dzulo ndikusesa ndinapeza mapiritsi awo ataunjikana m'nsapato yakale pansi pa bedi. Nditawafunsa anati, "Ine ndikupeza bwino. Ukufuna impso zanga ziole? Si anti ako omwe anena?" Ndinangozyolika.

Aphungu, ndikhulupirire gulu liti? Ndikatuluka m'gulu loyamba nditaya anthu amene anandikonda, abambo nawo ataya chowaseketsa. Ndikakhalamo, ndikuopa kuti adzagwanso, ndipo mwina ulendo uno sadzadzuka.

T. N.

Mwana wanga T. N.,

Tiyambe ndi mapiritsiwo, za magulu zibwere pambuyo. Mawa m'mawa pita ndi abambo kuchipatala komwe amalandira mankhwala, ndipo utenge mapiritsi a m'nsapatowo kuti adokotala aone okha kuchuluka kwa omwe sanamwedwe. Matenda amenewa amadziwa kubisala: munthu amamva bwino pomwe magazi akuthamanga. Abambo akakakamira, uwafunse mwaulemu ngati anasiyapo kuthira oyilo m'lole chifukwa injini ikulira bwino. Nkhawa yawo ya impso usaiseke. Ndi funso loyenera, ndipo akalifunse okha ndi pakamwa pawo, kuti yankho akalimve ndi makutu awo. Uwauzenso achimwene ako lero lomwe. Katundu ameneyu si wako wekha.

Tsopano magulu. Ukuwayeza ndi muyeso umodzi, chonsecho ntchito zawo n'zosiyana. Loyambalo ndi lochezera. Lachiwirilo ndi lofunsirako. Ukafuna kudziwa ngati gulu n'lodalirika pa nkhani ya moyo, usaone kuchuluka kwa ovomereza kapena liwiro la yankho. Ona ngati mumapezeka munthu wolimba mtima kunena kuti "sindikudziwa." Ona ngati amayamba afunsa za wodwalayo asanayankhe. Ndipo nthawi zonse uzidzifunsa ngati pali wina amene akugulitsa kanthu. Yankho louma lija linakuopsa iwe, koma ine ndi lomwe landikhazika mtima pansi. Anamwino aja amadziwa pomwe foni imalekezera.

Anti Nkhuku sakunama dala. Akunena za munthu mmodzi, amuna awo, ndipo palibe amene wawayeza chisiyireni mapiritsi. Munthu akhoza kukukonda ndi mtima wonse n'kukhala wolakwa pa za mankhwala. Choncho sindikuti utuluke. Kuseka kwa abambo ako ine sindikufuna kuthe. Koma uziyamba wamvetsera wekha uthenga uliwonse. Za nkhuku ndi nthabwala zipite pawindo, za mankhwala zithere m'khutu mwako.

Pali china chomwe ndikudziwa kuti chikuvuta kuposa zonse. Mukabwerako kuchipatala, ujambule mawu ako m'gulu lansangalalo, ufotokoze zomwe adokotala anena. Osakalipira munthu, osatchula dzina, ungoti, "Ife tapita, atiuza izi." Mwina upulumutsa amuna a anti akowo. Ndipo pomwepo ndi pomwe ulidziwe gululo. Akakuthokoza kapena kukufunsa zambiri, ndi anthu ako, khala nawo. Akakunyoza, kapena wogulitsa masamba uja akakupsera mtima, tuluka osadziimba mlandu.

Kwa anamwinoko lemba momwe wandilemberamu. Ndamva chilichonse chomwe umafuna kunena, ndipo iwo sali kumeneko kuti azichonga zolemba za anthu.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo uliloweze. Ukadzaona pakamwa pa abambo papotoka, dzanja kapena mwendo walefuka, mawu akutuluka mosokonekera, kapena akudandaula mutu woopsa wadzidzidzi, usadzatsegule gulu lililonse, ngakhale la anamwino. Udzaitane anthu a pagalaja paja, muwanyamule, muthamange nawo kuchipatala.

Aphungu