Chitsime pa Golo la Kumunsi

Amayi anga,

Kodi kumene mudapitako mukudzuka bwanji? Miyendo ija idaleka kutupa? Kuno ife tilipo, kukacha timangoti tazionanso.

Ndiyamba ndi zokoma, poti inu munkati mlendo sauzidwa zowawa asanamwe madzi. Mdzukulu wanu Terezinya, mwana wanga woyamba uja, adachira bwinobwino kuchipatala ku Ulongwe. Mwanayo ndi wamkazi, ndipo tidamutcha dzina lanu, Anastaziya. Akafuna kulira amayamba wakwinya pamphumi, n'kuyang'ana aliyense m'nyumba mmodzimmodzi ngati akusaka wolakwa. Tonse timaseka, chifukwa nkhope imeneyo timaidziwa. Mbuzi yanu yamawanga idaswa ana awiri, koma mmodzi fisi adatilanda. Kuzinya yanu ndidaifolera udzu watsopano, ngakhale palibe amene amaphikamo. Ine ndikuphunzitsabe, koma mawondo ayamba kundikana pa chitunda cha ku Fonte Boa, moti njinga masiku ano ndimachita kukankha.

Madzi mwamwa, tsopano ndinene zinazo.

Chaka chino sitidakolole, Amayi. Mvula idachedwa mpaka Natale, Khirisimasi ija, idatipeza mbewu zili m'thumba. Itabwera tidabzala, tidathira adubu, feteleza uja, chimanga chidanyamuka bwino moti Rozina, mwana wanu wamkazi, mlongo wanga, adayamba kukonza nkhokwe. Chitangomasula, kumwamba kudatseka. Tinkadzuka kuyang'ana kuphiri, mitambo n'kusonkhana, mphepo n'kuimwaza. Masamba adapota ngati fodya wa chingambwe. Chitauma ndiye mvula idabwera yaukali, kudzakokolola mapesi ndi nthaka yomwe. Chaka chatha zidatero, chinzake chija zidateronso. Inu mudatisiya zikungoyamba, ndipo munkati ndi chaka chimodzi chabe chopulukira. Sichidali chimodzi.

Rozina ali ndi ana anayi pakhomo. Alamu, amuna ake, adapita ku Tete kukasaka ganyu, ndipo zimene amatumiza sizifika kumapeto kwa mwezi. Wamng'ono uja, Marita, tsitsi layamba kufiira. Inu mukudziwa tanthauzo la tsitsi lofiira pa mwana, mudaliona kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi.

Ndiye tsiku lina m'mawa Rozina adabwera, nakhala pansi pakhonde panga atafunda kapulana kumutu. Sadazungulire. Adati, "Achimwene, mbumba ndi yanu. Munda wakumtunda watikana. Chinyontho chatsala malo amodzi okha, ndipo mukuwadziwa. Ndikupempha kampu."

Kampu yanu, Amayi. Bwalo lanu la mpira.

Maganizo anga adabwerera kutali. Nkhondo itatha tidabwerako ku Malawi atatu, inu, ine ndi Rozina. Abambo tidawasiya m'manda a kumeneko. Achimwene a Zeferino, mwana wanu woyamba, amene anthu amfuti adawatenga panjira akuchokera kumpira, sadabwerenso, ndipo mpaka lero sitidziwa pamene adagona. Tidapeza nyumba zili mabwinja, minda ili tchire, ndipo aliyense ankathamangira kudambo kukatsegula dimba. Inu dambo la makolo anu mudaitanira anyamata a m'mudzi. Mudawalozera kuyambira pamkuyu mpaka kumtsinje, n'kuti, "Lambulani, muzimenyapo mpira." Abale anu adati mwazungulira mutu. Inu mudangoti, "Pamene pali phokoso la mpira, mfuti imasowa pokhala."

Mpirawo simudauonerepo ngakhale kamodzi. Lamulungu masana munkakhala kuseri kwa nyumba, msana mutalozetsa kudambo, mukusankha nyemba m'lichero, kumangomvetsera. Ine pobwera, ndisanatsegule pakamwa, munkandiuza nokha kuti tawina, ndiponso kuti chigoli chomaliza tidakanganirana. Ndidachita kukula kuti ndizindikire kuti m'phokoso lonse lija munkafunamo mawu a munthu mmodzi.

Masiku amenewo kampu inkakhala m'madzi mpaka nyengo yachisanu. Mpira tinkayamba pamene udzu ukuyera mbee m'mamawa, zala za kuphazi zikuluma. Golo la kumunsi, la kumtsinje lija, silinkauma chaka chonse, ndipo wapagolo wa kumeneko ankapita kwawo ngati nkhumba yotuluka m'thope. Lero pakati pa kampu pamakhala fumbi Pasaka isanafike. Pagolo la kumunsi pokha ndi pamene ukakanda ndi chala umapeza dothi lozizira.

Rozina sindidamuyankhe tsiku limenelo. Loweruka masana ndidapita kubaraka ya Kalisto. Inu simudaione. Kalisto ndi mnyamata amene adaika sola padenga, ndipo amaonetsa mpira wa ku Ulaya pa kanema. Kumeneko ndiye kumene ochemerera onse amasonkhana tsopano, akuluakulu kutsogolo, anyamata kumbuyo, diso limodzi pa kanema lina pa telefoni, kubetcha. Ndidapita kuti ndikawauze za pempho la Rozina, popeza dothi ndi lathu koma thukuta lidagwerapo ndi lawo.

Ndidapeza mpira uli mkati. Chigawo choyamba chisanathe, woyimbira adaimba kherere, osewera onse n'kupita m'mbali kukamwa madzi. A Jelasi adaimirira. Mukuwakumbuka a Jelasi, mnzawo wa achimwene a Zeferino, a Jelasi omwe aja adagwira golo la kumunsi mpaka imvi zidawapeza pomwepo.

"Taonani makanda awa!" adatero. "Angothamanga pang'ono, ayamba kale kuyamwa. Ife tinkamenya kuyambira misa itatha mpaka ng'ombe kulowa m'khola. Madzi tinkamwa a m'matope, tikagwa chafufumimba."

"Akulu, kumeneko dzuwa likukomola anthu," Kalisto adayankha. "Dziko likutentha. Nyengo yasintha."

"Nyengo yasintha chiyani! Asintha ndi anthu. Woyimbira wa lero ali ndi maso awiri ngati ine, koma mpaka athamange kukafunsa kanema. Chigoli chalowa, takuwa, tavina, mowa tataya, ndiye akubwera kudzati pepani sichidalowe. Mpira wanji woti kusangalala uzichita kudikira chilolezo?"

A Mateyu, aja ogulitsa makala pamsewu wa ku Kalomwe, adalowererapo. "Ine ndiye musandiyambe. Anyamata amenewa sabata iliyonse ali m'ndege, utsi tolotolo kumwamba. Ndidamva kuti kwina adachita kuziziritsa bwalo lonse ndi makina kuti asatuluke thukuta. Koma mvula ikakana, wolakwa ndi Mateyu ndi thumba lake la makala!"

"Nanga phiri lija adameta ndi ndege, a Mateyu?" wina adakuwa kumbuyo. Anthu adafa nacho chiseko, a Mateyu n'kumuloza ndi chala. Wina adati zonsezi ndi mkwiyo wa Mulungu chifukwa cha kubetcha komweku, anyamata n'kubisa matelefoni m'matumba, chiseko n'kukula.

Kalisto sadagonje. "Chabwino, a Jelasi. Mwati munkamwa matope. Matope amenewo mudawaona liti komaliza pakati pa kampu?"

"Ndiye ubwino wake umenewo, mphwanga! Kale tinkadikira mpaka chisanu kuti kampu iume. Lero Pasaka isanafike tayamba kale kumenya. Ngati kumeneko ndiye kusintha kwa nyengo, isinthe ndithu, isinthirethu!"

Baraka yonse idaomba m'manja. Ine ndekha ndidalephera, Amayi. Dzuwa limene lidawapatsa miyezi yoonjezera ya mpira ndi lomwelo lidapsereza chimanga cha Rozina, ndipo ambiri mwa oomba m'manjawo nkhokwe zawo zidali zopanda kanthu ngati yake. Sikuti sadziwa. Kungoti pa Loweruka munthu amafuna kuiwalako.

Mpira utatha ndidaimirira n'kunena. Ndidanena mwachidule za pempho la Rozina. Anyamata a kumbuyo ena adangokweza mapewa, poti ambiri a iwo mpira wa pa fumbi adausiya, amati wa pa kanema ndiye mpira. Koma a Jelasi adandiyang'ana m'maso.

"Lusiyano, mng'ono wanga," adatero motsitsa mawu, "amayi ako adapereka malo aja ndi pakamwa pawo, ine ndili pomwepo ndi chikwanje m'manja. Paja ndi pamene ana a amene adathawa ndi ana a amene adatsala adayambira kupatsana moni. Mtumbira wawo sunatitimire, iwe wayamba kale kulanda?"

Ndidangoti, "Marita tsitsi lafiira, akulu." Iwo adatenga chipewa chawo n'kutuluka.

Masiku otsatira ndidayenda ndi mawu anu awiri m'mutu. Munkati chimene wapereka ndi manja awiri sutenganso ndi limodzi. Koma ndinu nomwe, kumsasa kuja, amene mudanyamula khasu Lamulungu m'mawa anzanu akupita ku misa, n'kutiuza kuti njala ilibe Lamulungu. Ndidayesa kuwakhazika pamodzi mawu awiriwa, koma amakankhana. Ndikadakhala ndi mphindi imodzi yokha yokufunsani, sindikadafunsa za kumwamba kapena za angelo. Ndikadafunsa kuti mwa awiriwa wamkulu ndi uti.

Ndidakwera kumtunda kukayang'ana ngati pali malo ena oti n'kusamutsirako kampu. Kuli miyala yokhayokha, ndi zigwembe zimene mvula yaukali ija idang'amba, zina zakuya moti mbuzi ikagweramo siituluka. Ndidaganizanso zongodula mbali ya kumunsi, ya kumtunda n'kuwasiyira. Koma kampu ya golo limodzi si kampu.

Pobwerako ndidadzera kwa Rozina. Ndidapeza ana atakhala padzuwa, osasewera, osakangana, angokhala. Amayi, inu mukudziwa kuti ana anayi sakhala chete chotero. Ndidamuuza mlongo wanga kuti alime. Sadathokoze, sadasekerere. Adangoti, "Ndamva, achimwene," n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya kapulana.

Tsiku loyamba ntchito tidapeza a Jelasi atafika kale, ataima pagolo la kumunsi ndi khasu lawo. Ndidaganiza kuti abwera kudzatitsekereza. Koma adangoti, osandiyang'ana, "Mitengo iyi ndidadzika ndine. Nkhwangwa isaikhudze." Adakumba okha, adazula okha, n'kusenza umodziumodzi kupita nayo kwawo. Nditafuna kuwagwirira mtanda wapamwamba uja, adandikankha dzanja. Munthu wa imvi, msana utapindika, akuyenda pang'onopang'ono kudutsa kampu yonse ndi mtengo paphewa. Rozina adatembenuka kuyang'ana kumtsinje. Kuyambira tsiku limenelo a Jelasi sandipatsa moni. Kutchalitchi amakhala mbali ina, panjira akandiona amapatuka. Sindiwada. Akadakhala kuti adanditukwana, mwina bwenzi zikupepuka.

Chitsime tidakumba pakamwa pa golo pomwepo. Pamalo pamene kale madzi ankafika m'kakolo popanda kukumba, tidakumba mpaka m'mawondo, dothi longozizira. Mpaka m'chiuno, matope okhaokha. Dzenje litandifika pachifuwa ndiye madzi adayamba kutsika m'mbali, pang'onopang'ono, ofiirira. Rozina adagwada, adatunga ndi chikhatho, adalawa.

Rozina wabzala nyemba, kachewere ndi chimanga cha dimba, ndi mpiru m'mphepete kuti ana ayambe kudya msanga. Zamera, Amayi. Mizere yobiriwira yayenda kuchokera kumtsinje mpaka pakati pa kampu, ndipo ndikaiona mtima umafuna kusangalala n'kuchita manyazi nthawi yomweyo. Mpiru tayamba kale kuthyola. Marita adadya dzulo mpaka kupempha wina. Koma ndisakubisireni, madzi m'chitsime akutsika. Chingwe cha ndowa taonjezera kale, ndipo mvula ikadali kutali. Nthawi zina ndikamathirira ndimagwidwa ndi mantha akuti mwina ndaphwanya mphatso yanu, ndataya a Jelasi, ndipo pamapeto pake dimbalo n'kudzauma chimanga chisanakhwime.

Kubaraka sindidapitekonso. Ndimamva kuti mkangano ukupitirira, ena akuti nyengo yasintha, ena akuti ndi bodza la azungu, ena akuti mpira udafa kalekale. Ine ndilibenso mbali. Ndimangodziwa kutalika kwa chingwe.

Sindidziwa ngati mwandikwiyira. Ngati mwakwiya, mukwiyire ine, Rozina mumusiye. Iye adapempha, wovomera ndidali ine. Ndipo ngati simudakwiye, ndikadakonda mutandidziwitsa mwanjira ina iliyonse, chifukwa katunduyu ndikusenza ndekha ndipo akulemera.

Chimene ndingalonjeze ndi ichi. Chitsime chikauma ndilowamo ndikumbe pansi, chikaumanso ndikumbenso, mpaka pamene manja anga adzakanire. Ana a Rozina sagona ndi njala ine ndikupuma. Pa tsiku la Finadu, lokumbukira akufa, pamene tidzabwere kudzalambula manda, ndidzakhala pambali panu ndikuuzeni chimene dimba labala, chochuluka kapena chochepa, popanda kukometsera.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani monga kale, ndipo ndakusowani kuposa kale.

Ndine mwana wanu,
Lusiyano