Chulu Chakuseri kwa Khola Musachigumule

Yeoville, Joni

Okondedwa achemwali a Joanna,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Ine thupi lili bwino, koma mtima ndiwo ukukana. Chiikireni amayi m'manda, ndikati ndilankhule nanu pafoni mawu amandithawa, n'chifukwa chake ndalemba.

Munandifunsa mokwiya kuti ndinali kuti tsiku limene amayi ankandiimbira. Simunalakwe kufunsa. Ndinali ku Marlboro konkuno ku Joni, m'chinyumba chosungiramo katundu. Eni ake akufuna antchito awo aziyenda ndi mafoni opanda chingwe, ndiye ife timafufuza malo oyenera kukhomapo timabokosi totumiza mafunde a wailesi. Mnzanga Harun amaimika bokosi loyesera pamlongoti, ine n'kumayenda ndi foni tikulankhulana. Pomwe mawu ayamba kudukaduka ndimachonga papulani, kuti bokosi lina lizimulandira munthu asanafike pamenepo. Mashelefu achitsulo ndi makoma a simenti amameza mawu, moti pena timabwereza mpaka miyendo kuwawa.

Lamulo la kumeneko ndi lakuti foni yako umaisiya kwa alonda pageti. Choncho tsiku lonse ndinkazungulira ndi foni ya eni ake kukhutu, kumufunsa Harun ngati akundimva, yanga ikulira yokha m'kabati. Nditaitenga madzulo n'kuimba, yanu sinalowe. M'mawa mwake ndi pamene munandiuza kuti atisiya.

Chomwe chandithyola mtima ndi zimene andiuza msuweni wathu Aloysius. Akuti amayi anakana kuti mundiimbire inu m'malo mwawo, anati apita okha pachulu chakuseri kwa khola, paja netiweki imagwira pokhapo. Ndi miyendo yotupa ija! Akuti anakwera chokwawa, nakhala padzuwa, n'kumakuuzani kuti musandinene, ndili pantchito, ndiyankha posachedwa. Achemwali, ine ndimavutikira kuti wonyamula makatoni asaduke mawu ngakhale ali kuchimbudzi, pamene mayi wondibereka ankandisaka pachulu. Zikundipweteka kwambiri, ndipo dzina lawo lofiira pafoni, losonyeza kuti anaimba ine osayankha, sindinalifufute.

Ntchitoyo tinamaliza sabata yatha. Abwana anayenda ndi foni chinyumba chonse nayamikira kuti palibe ngodya yosamveka. Ine ndinatuluka kukalira kuseri kwa galimoto, Harun n'kuwanamiza kuti ndi chimfine. Kuno kwazizira ndithu, ndipo tchuthi akuti adzandipatsa mu Disembala.

Pempho langa ndi limodzi. Ndamva kuti amalume akufuna kugumula chulucho kuti aumbe njerwa za chiliza cha amayi. Dothi la pachulu ndi lolimba, sindikutsutsa, koma chonde akatenge la kudambo. Inu amakumverani, ine amangonditcha mwana wa ku Joni. Muwagwire mwendo mvula isanayambe, chifukwa amalume akagwira khasu samva za munthu.

Manda ndidzawaona ndikabwera, koma kumandako amayi anachita kunyamulidwa. Pachulu paja anapita okha, chifukwa cha ine. Ndikufuna ndidzachipeze chilipo, ndidzakwere, ndikhale pomwe anakhala akundidikira.

Mundiperekere moni kwa alamu, azakhali, amalume ndi ana onse. Aloysius mumuthokoze posandibisira.

Ndine mlongo wanu wosweka mtima,
Chikosa