Khoma lonyowa ndi mbale yobwerera yopanda kanthu

Aphungu,

Ndikudziwitsa mtundu wonse, ndi mtima wosweka, kuti nsapato za ukwati za amuna anga zamera ubweya wobiriwira. Zinali m'chipinda chapansi pa nyumba yathu, momwe apongozi anga ankasungiramo malasha kalekale, momwe ife timasungiramo chilichonse chimene tikuchita manyazi kutaya. Kuno ku Cape Town mvula ya June ikangoyamba, khoma la kumtunda limatuluka thukuta, penti imachita matuza, ndipo fungo limakwera masitepe mpaka kudzatipeza pa mkeka wopemphererapo.

A Sedick, amuna angawo, apakapo katatu penti yakuda ija amati siilowa madzi. Chaka chilichonse amatulukamo ali bii ngati makaniko n'kulengeza kuti nkhondo yatha, ndipo chaka chilichonse pentiyo imafunduka ngati njoka. Timabowo tolowera mphepo m'munsi mwa khoma anatitseka ndi nyuzipepala, ati kuopa makoswe.

Koma nkhani yanga si penti. Ndi a Ganief, amene nyumba yawo inagundizana ndi yathu cha kumtunda. Tinakulira mumsewu umodzi, njinga anandiphunzitsa ndi iwo. Zaka ziwiri zapitazo anathira simenti bwalo lawo lonse kuti mwana wawo aziimikapo galimoto, ndipo chinyezi chathu chinakula nthawi yomweyo. Muonjezepo ichi: kuno kukuyenda anthu ogula nyumba zakale n'kumagwetsa, ndipo mmodzi wa iwo, wa nsapato zonyezimira, ndinamuona ndi maso angawa akumwa tiyi pakhonde pa a Ganief. Aliyense akudziwa kuti anthu amenewa safuna nyumba imodzi, amafuna ziwiri zogundizana. Yathu ikavunda, tigulitsa tokha popanda wotikakamiza.

Ndinawafunsa pampanda. Anangoseka. "Liema, iwe, ine ndikanakhala wolamula madzi, bwenzi pa chilala chija ndikusamba kawiri pa tsiku. Ujayo ndinamupatsa tiyi chifukwa anali atanyowa. Tayamba wakaona kuseri kwa thanki yako."

Thanki yanga, Aphungu. Thanki imene a Sedick anaiika kuseri kwa nyumba kuti izikolola madzi a padenga, nthawi imene tinkasamba m'beseni n'kukathira madzi omwewo m'chimbudzi. A Ganief omwewo ankabwera ndi zidebe kudzatunga. Poti m'mipopi madzi anabwerera, sitiikhudzanso, yangodzaza kudikira tsiku loipa. Ndiye lero ikhale yolakwa?

Ramadani yapitayi a Ganief anatipatsira pampanda mbale ya masamusa dzuwa likulowa, monga achitira chimwalirireni akazi awo, opinda okha, okhotakhota. Ine mbaleyo ndinaitsuka n'kuibweza yopanda kanthu. Mukudziwa tanthauzo lake: mbale ya mnansi siibwezedwa yopanda kanthu pokhapokha ubale utatha. Sanabweretsenso ina. Pano ndili ndi kalata yolembedwa ndi loya, mwana wa mchemwali wanga, yowauza kuti aswe simentiyo, apo ayi tikaonana kukhoti. A Sedick akuti ndidikire, koma iwowo ngakhale nyumba itayaka angati tidikire mvula. Nditumize?

L.S., Woodstock, Cape Town

Mayi L.S.,

Pepani ndi zovuta za nsapatozo. Kalata ya loya ibiseni m'kabati, pansi pa nsalu za patebulo zimene simuziyala.

Kukayikira sindikuletsani. Inenso ndimakayikira aliyense, kuyambira wowerenga mita ya magetsi. Koma tiyeni tikayikire mwadongosolo, kuyambira wapafupi.

Woyamba ndi thanki. Pa chilala siinkadzaza, ndipo madzi ochepa amene inkalandira munkawatunga. Tsopano ndi yodzaza chaka chonse, ndipo denga silinauzidwe. Mvula ikagwa, madzi onse a padenga amalowa pamwamba n'kutulukira pa kapaipi kosefukira. Kapaipiko kamathira kuti? M'kalata yanu simunanene, ndipo ndikuganiza kuti simunapiteko, chifukwa amene anakutumani kumeneko ndi munthu amene mwamukwiyira. Mumzinda muno tinaphunzira bwino kusunga madzi, koma palibe anatiphunzitsa kuwaperekeza. Mvula yamphamvu ikadzagwa, tengani ambulera mukaime pamenepo. Mukapeza dziwe m'tsinde mwa khoma, lumikizani paipi yaitali mpaka ku ngalande ya kumsewu, muchotse masamba m'ngalande za padenga, ndipo dothi la pakhomalo mulikweze kuti litsetserekere kunja.

Wachiwiri mumagona naye chipinda chimodzi. Nyumba zakale za kwanuko ndi za njerwa zofewa zomangidwa ndi laimu. Zimamwa chinyezi n'kuchipuma. A Sedick aliveka khoma jasi la mphira katatu, n'kutseka mphuno zake ndi nyuzipepala, kenako akudabwa kuti likutuluka thukuta. Penti siiletsa madzi kulowa m'khoma, imangowaletsa kutuluka. Apale yonse mpaka njerwa zioneke. Ngati pansi pake pali pulasitala wa simenti, nayenso achoke. Atsegule timabowo tija n'kuikapo waya wa sefa, makoswe akadandaule kwina. Khomalo mulisiye lipume chilimwe chonse, kenako mulimate ndi laimu. Akadzabwera wina ndi galimoto yolembedwalembedwa kukuuzani kuti abaya khoma jakisoni wa mankhwala n'kutha tsiku limodzi, mumufunse kuti madziwo akuchokera kuti. Akayankha asanazungulire nyumba, mumuonetse geti.

Pali njira yosavuta yoyesera. Matani pepala la pulasitiki pakhoma ndi selotepi mbali zonse, mulisiye masiku awiri. Likanyowa mbali yoyang'ana kukhoma, madzi akuchokera m'nthaka. Likanyowa mbali yoyang'ana kwa inu, ndi mpweya wa m'chipindamo umene ukusowa potulukira.

A Ganief ndawaika pomaliza. Sindikuti ndi mngelo. Bwalo la simenti limathamangitsadi madzi, ndipo nyumba yanu ili kumunsi. Mwina gawo lina ndi lawo. Koma munthu wofuna kugulitsa nyumba kwa ogwetsa sataya simenti pabwalo, ndipo wogula uja wamwa tiyi pa makonde onse a mumsewu wanu amene anamulola kukhala. Ngati mwakonza zanu zonse ndipo chinyezi chikadalipo, mankhwala ake ndi kangalande m'mphepete mwa mpanda, kapena dzenje lalitali lothiramo miyala ndi paipi yobooka. Limakumbidwa mbali ya kumtunda, kutanthauza pabwalo pa a Ganief. Munthu amene walandira kalata ya loya sakutsegulirani geti kuti mukumbe. Amapezanso loya wake, awiriwo n'kumalemberana chizungu chokoma inu mukukolopa.

Ndiye musadikire Ramadani ina. Lamlungu lino phikani chilichonse chimene mumachitha, muike m'mbale yanu yabwino, mupite nayo kwa a Ganief kudzera pageti osati pampanda. Musatchule simenti. Muwapemphe adzakuthandizeni kuona kuseri kwa thanki. Akusekani, akunenani kuti mutu wanu ndi wouma kuposa khoma lanu. Mupirire, zimenezo ndi zotchipa.

Chenjezo langa ndi ili: kalata yotereyo ikalowa pansi pa chitseko, siibweranso. Ndikudziwa chifukwa ine yanga ndinatumiza, zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, kwa mphunzitsi wopuma ntchito amene tinkagawana naye mpanda ndi mtengo wa mandimu. Ndinkamuuza kuti aswe bwalo lake la simenti chifukwa chipinda changa chinkanyowa. Anaswa bwalo lake lonse ndi nyundo, yekha, milungu itatu. Chipinda changa chinapitiriza kunyowa mpaka ndinapeza paipi yanga yothyoka pansi pa khitchini. Lero ndi chouma gwaa, ndimasungiramo mabuku. Akazi anga atamwalira, iye anabwera pamaliro atavala jekete, koma anaima kunja kwa geti mpaka mwambo wonse unatha.

Aphungu