Ndinataya mbewu ya apongozi, mlandu wagwera madala

Aphungu,

Ukhondo wandipalamulitsa. Ndinakulira m'tauni, koma chaka chino ine ndi amuna anga tasamukira kwa makolo awo kukalima. Tsiku lina ndikusesa m'khitchini ndinapeza mphika wodzaza phulusa, womata pakamwa ndi dothi. Ndinati uwu ndi uve, n'kukakhuthula m'chimbudzi. Pokhuthulapo m'pamene ndinaona njere zikugwera m'dzenje. Anali khobwe wambewu wa apongozi anga aakazi, wofiira, amene anapatsidwa ndi mayi awo. Phulusalo linali loteteza mbewuyo kwa anankafumbwe. Akuti khobweyu amacha msanga, ndipo ndi amene amapulumutsa banja chimanga chisanakhwime.

Ndinathamangira kumsika, kugula khobwe wina, kusakaniza ndi phulusa, n'kumatanso mphika. Apongozi atatsegula analuma njere imodzi n'kuti, "Ha! Khobwe wanga wayera, wanenepa mumphika ngati mkwatibwi!" Kenako anatembenukira amuna awo: "Bambo inu, mbewu yanga mwamwera mowa!"

Ino ndi sabata yachiwiri madalawo akumanidwa ndiwo, uku akulumbira kuti sanakhudze. Ine ndimangoti, "Pepani bambo." Chisoni chikundigwira, koma mantha ndiye aakulu. Ndiulule?

N.C.

Mayi N.C.,

Safunsa anadya phula, inu mwadyetsa chimbudzi mbewu. Ululani lero lomwe. Madalawo mwina ali ndi machimo awo, koma ili si lawo.

Musadzinamize kuti mwabisa. Mayi wozindikira mbewu yake ndi dzino sangalephere kudziwa amene amasesa m'khitchini mwake. Akungokuyesani, uku akupezerapo mpata wokhaulitsa bambowo pa milandu yakale.

Koma musapite chimanjamanja. Mbewu yamakolo sigona nyumba imodzi. Yendani kwa azilamu anu ndi kwa amayi oyandikana nawo, wina anagawiridwapo ndithu. Ngakhale kadzanja kamodzi n'kokwanira kuchulukitsa. Wakumsikayo phikani, mbale yoyamba ipite kwa madalawo.

Mukapepesa, pemphani apongozi akuyendetseni nyumba yonse. M'nyumba zotere kansanza kalikonse kolendewera kudenga kamakhala ndi mapira, nzama kapena nthanga za maungu. Tsache lanulo liziyamba lafunsa.

Chenjerani: mukakhala chete, mbewu yachilendoyo ibzalidwa. Ikadzachedwa kucha, nkhokwe ili mbee, njala sidzafufuza kuti anataya ndani. Idzayambira pa ana anu omwe.